Anatseka Mazenera Kuti Nyimbo Imveke Bwino

Panali munthu wina wophunzitsa kwaya pa tchalitchi china, anthu ankangomutchula kuti a Kwayamasita. Nkhaniyi ndaimva kwa amene analipo, ndipo mpaka lero ikandibwerera mtima umandiwawa.

Bamboyu khumbo lake linali limodzi, kujambula nyimbo za kwaya yake. Anapangana tsiku ndi katswiri wojambula mawu. Koma sabata imeneyo m'tauni munali mutabuka chimfine choopsa, chotsokomoletsa ndi kubanikitsa. Pa wailesi ankalengeza kuti aliyense wotsokomola akhale pakhomo.

M'mawa wa tsikulo bamboyu anadzuka thupi likutentha, pakhosi pakukanda. Mkazi wake, yemwe ankatsogolera nyimbo m'kwayamo, anamugwira pachipumi.

"Bambo, mwatentha ngati ayironi. Tiwaimbire anthu foni, tisinthe tsiku."

"Ndi fumbi chabe ili, mayi. Wojambula uja tikamuphonya lero sitimupezanso."

"Nanga ine ndi mphumu yangayi?"

"Inu ndiye mwini nyimbo. Popanda mawu anu tijambula chiyani?"

Anameza mapiritsi, anathira maswiti apakhosi m'thumba, ulendo.

Ankajambulira m'kachipinda kosungiramo mipando kuseri kwa tchalitchi. Wojambula atavala mahedifoni anapukusa mutu, nati phokoso la magalimoto likulowa. A Kwayamasita anatseka okha mazenera onse, m'mipata anatsenderamo nyuzipepala, pansi pa chitseko anaikapo bulangete. Kenako anauza oimba kuti aunjikane pa maikolofoni imodzi, mapewa kugundana.

M'kwayamo munali namwino. Iye anakweza dzanja.

"Abambo, inu mukutsokomola. Chonchi tonse tikupuma mpweya umodzi. Tsegulani ngakhale zenera limodzi."

"A nesi, kuno si kuchipatala. Ndipo vulani kansalu kapakamwako, mawu anu sakumveka."

Anthu anaseka. Namwinoyo anatenga chikwama chake n'kutuluka, ena akumunena kuti ndi wonyada.

Anaimba masana onse, thukuta lili kamukamu. Wina akalakwitsa, a Kwayamasita ankapita pomwepo n'kumuimbira pankhope penipeni kuti amve bwino. Abale, kumeneko kunali kugawa matenda ndi manja awiri.

Sabata isanathe, kwaya yonse inali ikutsokomola. Mphunzitsi wina wa m'kwayamo anapita nacho chimfinecho m'kalasi, ana anakasiya kwa makolo. Kondakitala wa basi, woimba besi, anagawira okwera. Telala wina wa m'kwayamo anapatsira mayi ake okalamba, ndipo maliro oyamba anali amenewo. Sukulu inatsekedwa, msika unachita zii, kuchipatala odwala anagona pansi m'makhonde.

A Kwayamasita anachira msanga. Koma mkazi wawo, ndi mphumu ija, chifuwa chinamanga. Atafika naye kuchipatala, amene anamulandira anali namwino yemwe uja. Iye anangomuveka mayiyo chopumira mpweya n'kumulowetsa mu wodi yoletsedwa kulowa alendo.

Bamboyo ankaima panja, chipumi atatsamiza pagalasi la zenera.

"A nesi, chonde, tsegulani pang'ono ndimuuze mawu amodzi okha."

"Sindingathe, abambo," anayankha namwino misozi ili m'maso. "Zenera ili silitsegulidwa kwa alendo."

Mayiyo anatsikira kuli chete mwamuna wake akuonera pagalasi. Mkazi amene anaimba pamaliro a anthu ambirimbiri anaikidwa popanda kwaya, chifukwa oimba ena anali chigonere, otsalawo anachita mantha.

Patapita nthawi wojambula uja anatumiza nyimbo zija pa foni. Zinatuluka bwino kwabasi, phokoso la galimoto ngakhale limodzi munalibe. Koma pakati pa nyimbo ziwiri zomaliza anaiwala kudula. Pamamveka munthu akutsokomola, kenako mawu a mayi aja chapansipansi:

"Bambo, tsegulani pang'ono, ndikubanika."

Ndiye pamamveka mawu a bamboyo, omveka bwinobwino:

"Pirirani mayi, yatsala imodzi."

Kuchokera tsiku limenelo sanaimbenso. Ana ake amati amakhala pakhonde foni ili kukhutu, kubwereza pomwepo, n'kumayankha yekha kuti, "Ndikutsegula, mayi, ndikutsegula."

Phunziro: Wakutsina khutu ndi mnansi. Ukatentha thupi kapena kutsokomola, khala pakhomo, ndipo pagulu tsegulani mazenera. Chimfine chimene iwe ungachire nacho, kwa mnzako wodwaladwala kapena wokalamba ndi imfa. Ntchito ungaisinthire tsiku, koma munthu akapita sabwerera. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kukwaya, kuntchito ndi kwa abale anu lero lomwe.