Mwala wa pamanda wa munthu wamoyo

Panali mmisiri wina wogoba mayina pa miyala ya pamanda. Ntchito ankaidziwa, koma makani anali nawo. Pa shopu pake ankadalira foni yakale ya waya, yomwe mvula ikangogwa inkasokosera ngati wailesi yosochera siteshoni.

Mkazi wake ankamuuza mpaka kutopa: "Bambo, intaneti tili nayo. Muziimbirana ndi makasitomala pa intaneti. Mawu amamveka, mumaonana nkhope, dzinanso akhoza kukulemberani pomwepo."

"Zaka makumi atatu ndili ndi foni imeneyi," iye ankatero. "Ndiyambe lero kusisita kagalasi?"

Tsiku lina kunaimba bambo wina ali kunja kwa dziko, wofuna mwala wa malemu mchimwene wake. Anapempha kuti ayankhulane pa intaneti poti kuimba foni ya waya kuchokera kumeneko n'kodula. Mmisiri anakana. Ndiye bamboyo ankayankhula mothamanga, foni ikusokosera.

"Dzina la malemu ndani?" mmisiri anakuwa.

"Mwati dzina?"

"Eya, dzina!"

Bamboyo anatchula dzina, kenako madeti, foni n'kuduka.

"Tsimikizani kaye musanagobe," anatero mkazi wa mmisiriyo.

"Mayi, ndamva ndi makutu angawa!"

Anagoba masiku anayi, zilembo n'kuzipaka utoto wagolide. Tsiku lotenga mwala, bambo uja, atafika kuchokera kunja, anabwera ndi mkazi wake komanso mlamu wake, mkazi wamasiye wa malemuyo. Mmisiri anavundukula nsalu monyadira. Onse anawerenga dzinalo. Kenako mkazi wa bamboyo anakuwa, manja kumutu.

"Dzinali ndi langa!" bamboyo anakalipa. "Mwandiika m'manda ndili moyo?"

"Munatchula nokha, bwana."

"Ndimayesa mukufunsa dzina langa! Si ndinakupemphani kuti tiimbirane pa intaneti?"

Mayi wamasiye uja anakhala pansi n'kuyamba kulira ngati maliro achitika dzulo. Mmisiri anafuna kupepesa koma palibe anamumvera. Anthuwo anakwera galimoto kupita kwa mmisiri wina.

Nkhani inawanda msika wonse. Mwalawo ukadali kuseri kwa shopu, atautembenuza chafufumimba. Munthu akafunsa njira ya ku shopuyo, anthu amamuyankha kuti, "Mukupita kwa uja amaika amoyo?"

Phunziro: Chida chakale chikayamba kukunamizani, chisiyeni. Nkhani yofunika muziikambirana pa intaneti, mukuonana, ndipo dzina lizilembedwa. Tumizirani ena uthengawu, makamaka achibale amakani aja.