Makombo a Kuhotela

"Bwererani nazo ndowa zanuzo, mlamu," anatero mkulu wophika pahotela kwa mayi wina woweta nkhumba, ataima pageti lakuseri. "Kuyambira lero zakudya zotsala sizituluka."

Mayiyo anatula ndowa pansi. Kwa zaka zisanu ndi zinayi nkhumba zake zinkadya makombo a alendo, ndipo nkhumbazo n'zimene zinkalera ana ake.

"Ndalakwanji ine?"

"Simunalakwe. Abwana akufuna satifiketi yosamalira chilengedwe, poti alendo akunja amakonda hotela zotero. Oyendera akuti zotsala zonse tizipangira manyowa a maluwa."

"Maluwa adye, nkhumba zigone ndi njala?"

Wophikayo anangotseka geti.

Mayiyo anayesa masamba ndi udzu, koma nkhumba zinaonda mpaka nthiti kuonekera. Tiana ta nkhumbazo tinafa, zazikulu anagulitsa. Inatsala yaikazi imodzi, imene ankati idzadzutsa khola.

Patapita miyezi itatu, wophika uja anatulukira pakhomo akumwetulira.

"Satifiketi yatuluka, mlamu, Loweruka kuli phwando! Lamulo lake likuti nyama tizigula kwa anthu oyandikana nafe kuti atukuke, ndiye ndakumbukira inu."

Anasuzumira m'khola, n'kupukusa mutu.

"Koma yaondatu iyi. Kodi simukuidyetsa?"