Paipi ya Utsi Yathera Kuchipinda Kwathu

Chiikireni kachipangizo kotchedwa mphuno ya boma pamzati wa magetsi, m'mudzi muno utsi sutulukanso m'nyumba ya munthu. Mphunoyo ikangonunkhiza, amakudulira magetsi mpaka dzinja. Amaizimitsa pakagwa maliro pokha, poti moto wa pasiwa analephera kuuletsa.

Amuna anga, bambo a Mwatitha, amalemba mayina pamitanda ya kumanda ndi makina odula matabwa ndi kuwala. Kale paipi ya utsi wa makinawo inkatulukira pazenera. Lamulo litabwera anailowetsa m'khola, nkhuku zonse zinafa. Anaipititsa kuchimbudzi, utsi n'kumatulukira kudenga. Tsopano imathera m'ndowa ya makala onyowa kuchipinda kwathu, ati ndi chokhacho chotsekeka bwino. Mazenera anamata ndi nsanza. Eni akewo amagona pakhonde, ati akulondera makina. Bulangete langa limanunkha guluu wopserera, ndipo chifuwa chomwe chinandigwira m'chisanu sichinandisiyebe.

Dzulo ndinalavula magazi, ndinawaonetsa.

"Pirirani, mayi a Mwatitha," anatero. "Makala aja amagwira utsi wonse. Kungoti ntchito yachuluka."

"Musadandaule, bambo," ndinawayankha. "Pamaliro anga mphuno ija adzaizimitsa. Mudzatulutse paipi pazenera, mudzamalize mitanda yonseyi, ndi wanga womwe."

Ndinkadikira kuti andikalipire, andiuze kuti ndisiye kulankhula zamalodza. Koma maso awo anapita pamulu wa matabwa uli pakona, ndipo ndinaona milomo yawo ikugwedera pang'onopang'ono. Ankawawerenga.