Pepani wa Mayi Hovde

Panali mayi wina kwathu kuno, wamasiye wa zaka 61, dzina lake Marlys Hovde. Nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo amene anandiuza ankapemphera naye tchalitchi chimodzi. Mayiyu anali ndi nthenda ya tonsefe a kumpoto kuno kwa Amereka, nthenda yopepesa. Wina kumuponda phazi, woyamba kunena pepani ndi iyeyo.

Tsiku lina m'nyengo ya chisanu anapita kusitolo yaikulu kukagula mazira. Pakhomo panali madzi oundana, eni sitolo osathirapo mchere wowasungunula ndi pang'ono pomwe. Atangopondapo, anagwa chagada, khu! Msana unathyoka pomwepo.

Manijala anatuluka pepala lili m'manja. "Mayi, mwagwa bwanji?"

"Ii, pepani bambo, ndakutsekerani khomo. Kupusa kwanga ine, sindinayang'ane pansi."

Tangoganizani! Munthu ali gone, miyendo osaimva, koma akupepesa. Manijala analemba mawu onsewo.

Madokotala anati sadzayendanso. Kuti abwerere kwawo, panafunika kukonza masitepe ndi bafa, komanso kulemba munthu womusamalira tsiku ndi tsiku. Kupanda kutero, basi, kunyumba yosungirako okalamba. Chonsecho nyumba yake anamumangira malemu mwamuna wake, ndipo ankalumbira kuti adzatulukamo ali m'bokosi.

Mwana wake Jolene, amene ankagwira ntchito yolemba makalata kukhoti, anamuchenjeza ali m'chipatala momwemo.

"Amayi, a inshuwalansi ya sitolo akaimba, musayankhule nawo. Aphungu a chigawo chathu anasintha lamulo chaka chatha. Kale ukalakwako, ankangochotsa gawo lako n'kukupatsa chipukuta misozi chotsalacho. Pano akapeza kuti kulakwa kwako kwapitirira theka, sulandira ngakhale senti."

"Lamulo lija ankalichemerera pa wailesi ya kanema? Ankati ndi lothana ndi anthu osuma zabodza. Ine ndine wabodza?"

"Sindinatero, amayi. Mungodula foni."

"Iwe Jolene, ndinakulera kuti uzidulira anthu foni? Manyazi ulibe?"

Patapita masiku atatu foni inalira. Anali mkulu wina wa inshuwalansi, dzina lake Brent, mawu ake ofewa ngati m'busa wozonda odwala. Anafunsa za zidzukulu, anafunsa ngati chakudya cha kuchipatala chikulowa.

"Mayi Hovde, ndijambuleko mawu pang'ono? Mutu wangawu suchedwa kuiwala."

"Jambulani, mwanangu."

"Kodi mumadziwa kuti pansi pangakhale poterera?"

"Aa, ndani sadziwa kuno mu Januwale? Ndinabadwira konkuno ine. Ndikanayenera kusamala. Chonde musachotse munthu ntchito chifukwa cha ine."

Jolene atamva anangokhala pansi, manja kumutu. Madzi anali atatayika kale.

Mlandu unalowa m'khoti patatha zaka ziwiri, Marlys akudikirira kunyumba ya okalamba ija, akuuza aliyense kuti akungodutsa. Anthu khumi ndi awiri a m'tauni momwemo anasankhidwa kuti agamule, kuika nambala ya kulakwa kwa mbali iliyonse, koma sanaloledwe kuuzidwa zomwe lamulo latsopano limachita ndi manambala awo. Loya wa Marlys anayesetsa, mpaka anaonetsa kuti sabata yomweyo ena awiri anagwa pakhomo lomwelo. Loya wa sitolo sanavutike n'komwe. Anangoyatsa kachipangizo ka mawu ojambulidwa aja, khoti lonse n'kumva mawu a Marlys mwiniwake.

Chigamulo chinati pa magawo 100 a kulakwa, sitolo 49, Marlys 51. Woweruza anathokoza anthu aja, iwo n'kubalalika. Kenako analemba kuti mayiyu salandira kanthu.

"Tichite apilo," anatero Jolene uku akulira.

"Tikadandaule chiyani, chemwali?" anayankha loya. "Palibe walakwitsa. Lamulo latsatidwa bwinobwino."

Jolene analembera phungu wawo kalata ya masamba anayi. Yankho linabwera lodindadinda, lomuthokoza chifukwa chokonda chigawo chake. Zimandipsetsa mtima mpaka lero. Nyumba ija anaigulitsa, ndipo Marlys anatsala m'kachipinda kogona awiri, mnzakeyo wosamudziwa n'komwe.

Lamulungu lina kunabwera mlimi wina, bambo Duane, mmodzi wa anthu khumi ndi awiri aja. Ananyamula mbale ya mbatata yophika ndi nyama, nkhope ili mwee.

"Mayi Hovde! Mukadali kuno? Amisiri akuchedwa kukonza nyumba eti? Anthu amenewa ulesi."

Marlys anali gone pabedi. Jolene, amene anabwera kudzamuzonda, anaimirira.

"Tinalimbanatu tsiku lonse chifukwa cha inu," anapitiriza Duane. "Tinati tisakhumudwitse aliyense, tingogawa pakati. Kamodzi kapamwambako tinangoikapo poti munavomera nokha. Nanga theka lija lakwanira?"

"Bambo Duane," anatero Jolene, "kamodzi kanuko kanafufuta zonse. Nyumba inapita mwezi watha."

Mkuluyo anangoima, mbale ili m'manja, kusowa poiika. Anafunsa ngati pali pomwe angasaine kuti abweze nambala ija. Panalibe. Marlys anapempha Jolene kuti amutembenuzire kukhoma.

Phunziro: Abale anga, wokoma atani onga fumbwe? Ukavulala, tseka pakamwa mpaka uonane ndi loya, ndipo mlendo wa mawu ofewa usamuyese mbale wako. Aphungu akamasintha malamulo a milandu, usamati ndi za anthu ena, funsa kuti akuchotsamo chiyani tsoka lisanakugwere. Tumizani nkhaniyi kwa amayi anu, azakhali anu, ndi aliyense amene pepani sachoka pakamwa pake.