Kachitsulo m'Muzu wa Dzino

Fani ya m'chipinda chodikirira kwa dokotala wa mano inkangotakasa mpweya wotentha womwewo. Yudelka anakhala atagwira tsaya, maso ali psuu, tulo atasiyana nato kalekale. Kunja njinga zamoto za mu Santiago zinkalira osapuma.

Pambali pake panali a Fermina, mayi wonenepa amene anabwera kudzayeza mano oikirira. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe mwanawe, nkhope imeneyo ndi ya dzino. Labowoka?"

"Bola likanangobowoka, mayi," anatero Yudelka ndi mawu olefuka. "Pochotsa mtsempha, kachitsulo kopalira m'kati kanathyokera m'muzu. Kang'onong'ono ngati nsonga ya singano. Muzuwo ndi wokhota, ndiye kanakanirira pokhotapo."

"Mayo ine! Nanga ululu wake?"

"Limagunda ngati ng'oma. Ngakhale nthochi yophika, yosinjasinja, sikutafunika. Katswiri wa panoyu akalephera kukatulutsa, basi lizulidwa. Ndipo ndi lokhalo lotafunira lomwe latsala mbali imeneyo."

A Fermina anawomba m'manja. "Madokotala a masiku ano! Opha nkhumba kumsika ali ndi dzanja lofewa kuposa iwowa. Wachita zimenezi ndani? Nditchulire dzina. Ndikangolinena ku saluni, mawa lomwe atseka chitseko."

Yudelka anangotsinzina. Nsagwada zinali zitauma gwa chifukwa chokukuta mano.

"Usamubise, iwe! Munthu wotere ngofunika kukagulitsa malalanje pamsewu."

"Mwina n'zoona, mayi," anatero chapansipansi.

Kenako chitseko cha mkati chinatseguka. Munatuluka bambo wachikulire, chipewa m'manja, mlomo utapendekera mbali imodzi ndi dzanzi la jakisoni. Yudelka anadzambatuka.

"Bambo, bwanji? Alizula?"

 Mkuluyo anatambasula kathonje kamene anafumbata. Pakati pake pankanyezimira kachitsulo kochepa kuposa njere ya mpunga.

"Dzino langa lilipo," anatero movutikira, malovu akuchucha. "Koma akuti ndikubwezere katundu wako, adokotala. Unamuiwala m'kamwa mwa bambo ako."