Singano za Nungu

Padangokhala mayi wina, Nungu, amene ankapanga singano ndi minga yake. Nkhani yakeyi mbalame ziwiri zimaisimba mosiyana mpaka lero. Khwangwala amati Nsadzu adamulanda ntchito, Nsadzu amati adaipeza ndi khama lake.

Kagolosale ka Nungu kadabisika kuseri kwa chulu, ndipo ana ake ankagona ndi njala. Tsono adaitana awiriwo kuti aone amene angamupezere ogula.

Khwangwala adakwera mumtengo n'kukuwa mpaka kusasa mawu. Kudabwera Njovu, Mvuu ndi anyani, onse osavala, n'kupondaponda pakhomo.

"Mwaliona khamuli, mayi?" adatero Khwangwala. "Dzina lanu lafika kutsidya."

"Lafikadi, achimwene," adayankha Nungu, "koma Mvuu asoka chiyani?"

Nsadzu adangotera pachitsime n'kumamvetsera. Atamva Nkhanga akudandaula kuti chitenje chake chamadontho chang'ambika, adamutsogolera kuchulu.

"Mmodzi yekhayu?" adaseka Khwangwala.

Nungu adalingalira mofatsa. Phokoso lidamutchukitsadi, ndipo njira ya Nsadzu idali yochedwa. Koma amene adanyamula singano adali Nkhanga yekha.

"Nsadzu, mawa mubwerere kuchitsime," adatero. "Inu achimwene, ndidzakuitanani pokwatitsa mwana."