Mpando Wakutsogolo

"Ustad, masipuling'i akale aja simunawapezebe?" anafunsa Tauqeer atatsamira kagalimoto kake kofiira.

Nazir, makaniko wake amene ankamutchula mwaulemu kuti Ustad, anapukusa mutu. "Mzinda wa Lahore wonse ndaupondaponda, palibe. Si iwe unkafuna galimoto yokwawa ngati buluzi? Ndi imeneyotu."

Zinalidi choncho. Tauqeer anakatsitsa kagalimotoko mpaka mimba kutsala pang'ono kukhudza phula, akuti kazikhota bwino pamakona. Koma mayi ake, amene Mulungu sanawamane thupi, akangokhala kutsogolo kankakhula pansi pahampu iliyonse. Ankachita kuwatsitsa kuti awoloke wapansi, anthu akuseka. Mapeto ake analumbira kuti sadzakweranso mpaka kakwezedwe, ndipo anasiya kumulankhula mwana wawoyo.

"Chonde Ustad, kunyumba kwatentha," anadandaula Tauqeer. Kenako anawoloka msewu kukafunsanso kusitolo ya zitsulo.

Apo mkazi wake, Rubab, amene anali m'kagalimotomo, anatsitsa galasi. Chikwatiwire ankakhala kumbuyo pamodzi ndi majumbo a kumsika, chifukwa kutsogolo ndi kwa apongozi. Tsopano anali atatambasula miyendo pampandopo ngati bwana. Anamupatsira Nazir poto wa mpunga wa biryani wotentha.

"Masipuling'i aja ndinawabisa pansi pa matayala akutha," ananong'ona Nazir, akununkhiza chivundikiro. "Koma mwamuna wakoyu akundimvetsa chisoni, mwana wanga. Ndiwatulutse liti?"

"Kuwatulutsa? Amalume, apongozi asiya kudya zamafuta. Akuti achepako, ndiye ayesanso kukwera Lachisanu."

"Ndiye?"

Rubab anakonza mpango wake pagalasi.

"Kagalimotoka katsitseninso pang'ono."